Kamwana Koyenda Kumanja

Mu shopu ya Penjani, ku Chibavi,
momwe mafoni akufa amadzuka ndi guluu ndi pemphero,
tinapanikizana anthu anayi pa benchi ya anthu awiri,
mvula ya Juni ikuwaza pamalata
ngati yoopa kudzutsa munthu.

Gemu yake siyotchuka.
Penjani anaikopera usiku, bandulo itatchipa,
akuti anaipanga anthu awiri okha, m'chipinda chimodzi.
Kamwana kopanda dzina, kopanda pakamwa,
kanyamula nyali yong'aluka galasi,
kakuyenda kumanja. Kumanja basi.
Ukadina batani la kumanzere
kamangocheuka, n'kuyang'ana nkhungu, n'kuima.

Fiskani ndiye anayamba kutopa.
"Mfuti ili kuti? Zigoli zili kuti?
Ndadikira theka la ola kuti wina andipute,
koma ndangokankha bokosi, kulumpha ngalande,
kukankhanso bokosi.
Zimenezi ndimachita kale ku Luwinga,
ndipo kumeneko amandilipira."

Dokiso anali atangoweruka kuchipatala,
nsapato zoyera zitafiira matope.
Anakweza chala: "Tatontholani. Tamverani."
Tinamva madontho. Tinamva kamwana kakupuma.
Penapake kutali chitsulo chinalira kamodzi, osabwereza.
"Wopanga izi," anatero, "anachezerapo pa wodi.
Amadziwa mmene mapazi amamvekera m'khonde
onse akagona, kupatula mmodzi."

Vinjeru wa kabaza sanagwire n'komwe mabatani,
manja anali m'khwapa, akuthawa chisanu.
"Chitunda icho n'chabodza.
Wokwera mtunda weniweni sayenda chowongoka msana.
Koma nkhunguyo, ayi, sananame,
ndi ya ku Lusangazi mbandakucha,
pamene umangomva belu la mnzako
osadziwa ngati akubwera kapena akupita."

Ola litakwana tinafika pamlatho wa matabwa.
Nyali inayamba kuphethira.
Tsidya lija kunali chitseko, chotseguka pang'ono,
ndipo pansi pake pankatuluka kuwala
kochepa ngati chikhadabo.
Fiskani, uja wotopa uja, anali atasendera kutsogolo,
bondo lake likundibaya m'nthiti.
Thabwa loyamba. Lachiwiri. Lachitatu linalira.
Kenako bii.

Sikirini bii, shopu bii, Chibavi yense bii.
Batire la laputopu linafa chaka chatha.

"Atibera a magetsi!" anakuwa Fiskani.
"Ayi," anatero Dokiso mumdimamo,
"mwina ndi pomwe imathera. Zambiri zimathera pomwepo."
Vinjeru anati thabwa lachitatu lija linali lowola,
analimva, kamwanako kagwera m'madzi.
Penjani, amene anaimaliza dzulo lake,
anangoseka n'kuyamba kufufuza machesi m'dirowa.
"Yankho ndi faifi handiredi," anatero.
Palibe analipira.

Atandifunsa ine ndinati, "Yafupika."
Sindinanene za Suzgo, mkulu wanga,
amene anakwera basi ya ku Joni pa depoti
ine ndili Fomu 2.
Ndinaima pambali, chikwama chake chitandisiyira mkwingwirima paphewa,
nkhope yake ikutsetsereka pawindo
kupita kumanja, kumanja,
mpaka khoma la sitolo linamumeza.
Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano.
Nambala yake imalira, nthawi zina.
Amayi amasungabe jekete lake pamsomali
ndipo amalichapa dzuwa likawala.

Ndinabwerera ku Mchengautuwa wapansi,
tochi ya foni ikuwunikira masitepe atatu okha,
agalu akuuwa mipanda yomwe sindinkaiona.
Pakamlatho ka pamtsinje ndinawerenga matabwa.
Lachitatu silinalire.

Mmawa mwake magetsi anayaka cha m'ma teni.
Ndinapita kukatenga chaja yanga
ndipo ndinapeza Fiskani ali kale pa benchi, yekha,
chisoti chantchito chili pansi,
akukankha bokosi loyamba lija mosamala
ngati muli mazira a mwini wake.
Sanacheuke.
"Usandiuze kanthu," anatero.
"Tseka chitseko, kuwalako kukuwononga nkhungu."